Mbewa Zoiwala za M'chipinda Chapansi

Tiyamike ndi Dalitso, ana anga, mwandifunsa kangapo chifukwa chimene tinasiyira kupemphera ku Barking muli ang'ono, ndipo nthawi zonse ndakhala ndikuyankha kuti kunali kutali. Kutali kunalidi kutali kuchokera kuno ku Lewisham, ngakhale konseko ndi mu London, koma chifukwa chake sichinali chimenecho. Pakamwa sindingathe kufotokoza. Mukuwadziwa amayi anu, anthu akangondiyang'ana mawu amathera pakhosi. Kulemba ndiko ndinazolowera kuyambira ndili kamtsikana ka ku sekondale, kobisala kuseri kwa hositelo ndi kabuku pamwendo. Tsopano ndapuma pantchito ndipo nthawi ilipo. Werengani pang'onopang'ono, pomwe mawu akuvutani mudzandifunse. Kuti mumvetse za tchalitchi muyenera kumva kaye za ntchito yanga, chifukwa imeneyonso sindinakuuzeni bwinobwino.

Chaka choyamba, nyengo yozizira

Bambo anu atamwalira ndinagwira zaka zingapo kunyumba yosamalira okalamba, mpaka msana unakana. Mnzanga wina anandiuza kuti pa yunivesite ina kutsidya kwa mtsinje akufuna munthu wotsuka makola a tinyama tofufuzira matenda. Amene anandifunsa mafunso anali Dokotala Irena, mayi wamtali wa imvi, wochokera kum'mawa kwa Ulaya, wolankhula ngati akukalipa ngakhale pamene akukupatsa moni. Anandifunsa ngati ndimaopa mbewa. Ndinangopukusa mutu. Sindinawauze kuti kwathu ku Dedza achimwene anga ankazikumba m'munda tikakolola n'kuziika pa mpani, ndipo ine ndinkalimbirana kumutu. Ndinaona kuti ntchito ingandiphonye.

Malo athu ogwirira ntchito anali pansi pa nthaka. Lifiti inkatsika mpaka pomwe manambala athera, n'kutsikanso. Kunalibe zenera. Magetsi ankayaka ndi kuzima potsata nthawi ya mbewa, osati ya anthu, ndipo mlungu unkatha osaliona dzuwa. Kumapeto kwa kolido yaitali kunali chitseko cholemera chokhala ndi zithunzi zochenjeza, ndipo pansi anajambulapo mzere wachikasu. Kuseri kwa chitsekocho kunkamveka kaphokoso kosalekeza, tsi, tsi, tsi, ngati kambalame kotsekeredwa m'chitini. Tsiku loyamba ndinalimba mtima n'kufunsa kuti n'chiyani. Dokotala Irena anati ndi pampu yoziziritsa maginito, ndipo tsiku limene ndidzafike n'kupeza kuli zii, ndidzathamange kukawaitana.

Maginitowo ndinawaona patapita milungu ingapo. Chinali chimgolo choyera, chachikulu ngati thanki ya madzi ya pasukulu, chogonekedwa cham'mbali, chili ndi kabowo pakati kongolowa mkono. Sichinkazimitsidwa, kaya ndi Lamlungu kaya ndi Khrisimasi. Sichinkatentha, chinalibe fungo, koma ukadutsa mzere wachikasu uli ndi kiyi m'thumba, kiyiyo inkayamba kudzuka yokha. Anandivulitsa mapini a kumutu ndi wotchi, ndipo Dokotala anandiuza anthu akumva kuti bra ya mawaya ndiziisiya kunyumba. Manyazi ake ndinayenda nawo tsiku lonse. Ukatembenuza mutu msanga pafupi ndi kabowo kaja, pansi pankapendekeka, ndipo m'kamwa munkamveka ngati wanyambita chitsulo. Ndinkapemphera chamumtima ndisanalowe. Sikuti ndinkakhulupirira kuti muli mzimu, koma thupi langa silinkamva zimene mutu unauzidwa.

Chaka chachitatu

Dokotala Irena anaona kuti manja anga sanjenjemera ndikagwira kanyama, ndiye ananditumiza kukaphunzira mpaka ndinalandira chiphaso. Kuyambira pamenepo ntchito yanga inali yogoneka mbewa ndi kuzilondera zili m'kati mwa maginito.

Kale anthu akafuna kudziwa zimene zili mu ubongo wa kanyama ankayenera kukapha. Makina athuwa ankayeza makemikolo a mu ubongo kanyamako kali moyo, osang'amba, osaboola. Mbewa yomweyo tinkaiyeza ili yaing'ono, n'kudzaiyezanso itakula, n'kudzaiyezanso itakalamba. Ndinkaiika m'kabokosi ka mpweya wogonetsa mpaka igwe cham'mbali. Kenako ndinkaigoneka chafufumimba pa kabedi kopapatiza, mano akutsogolo atakola kandodo ka pulasitiki, mphuno ili m'kachubu ka mpweya. Pansi pa mimba ndinkaikapo kapilo komvera kupuma, m'mbali timapaipi ta madzi ofunda kuti isazizidwe. Mbewa yogonetsedwa sitseka maso. Imangokuyang'ana ndi timaso take takuda, ndiye ndinkaipaka mafuta kuti masowo asaume. Ndikatero ndinkakankha kabediko kulowa m'kabowo mpaka mchira usaonekenso, n'kutuluka, n'kutseka chitseko.

Ndiye makina ankayamba kugogoda, go, go, go, ngati muli munthu amene akupempha kuti amutsegulire. Ine ndinkakhala pa kompyuta yanga kuyang'ana kamzere kokwera ndi kutsika, komwe kanali kupuma kwa mbewa, dzanja lili pa kotsegulira mpweya. Ukachulutsa mpweya, mbewa sidzukanso. Ukachepetsa, imagwedezeka ndipo ntchito yonse yaonongeka. Nthawi zina kamzere kaja kankagona osakwera, ine n'kusiyanso kupuma, mpaka kadzuke. Dokotala ankasankha kamalo kakang'ono kuposa njere ya mapira, mbali ya ubongo imene imasunga zokumbukira. Anandiuza kuti ubongo ndi madzi ochuluka, ndipo madziwo amafuula kwambiri, moti ayenera kuwatontholetsa kaye kuti timve tinthu tina tonong'ona pansi pake. Akawatontholetsa, pa kompyuta pankatuluka mzere. Poyamba unkangokhala ngati udzu, koma kugogoda kukamapitirira pankamera timapiri, kena katali, kena kafupi, kalikonse koimira kemikolo yake. Dokotala ankatiwerenga ngati nkhope za abale awo. Ine ndinkamva ngati tikumvetsera pachitseko cha munthu wogona.

Mbewa zathu zinali zoiwala. Zinkabadwa ndi mbewu ya matenda aja amene ndinawaona kunyumba ya okalamba, oiwalitsa munthu dzina la mwana wake. Zili zazing'ono sungazisiyanitse ndi zinzake. Zikamakula, kaphiri kena pa kompyuta kankatsika, kena n'kumakwera, ndipo m'khola ndinkaona ndi maso anga. Mbewa yabwinobwino ukaisiyira kathonje poweruka, m'mawa umapeza yang'ambang'amba, yamanga chisa chozungulira bwino. Zoiwalazi zinkafika poti kathonje ukapeza mmene unakasiyira, mbewa itakhala pakona ikuyang'ana khoma. Kuyeza kukatha ndinkaloledwa kuziikira chisa chong'amba ndekha. Tsiku lina Dokotala anandipeza ndikuimbira mbewa ina nyimbo ya kutchalitchi pamene inkadzuka. Ndinasiya msanga. Iwo anati ndipitirize, amayi awonso anamwalira osawadziwa, ndipo chomaliza kuiwala chinali nyimbo. Anangonena zimenezo n'kutuluka, ndipo sanadzatchulenso.

Chaka chimenecho heliyamu anasowa, mpweya wozizira koopsa umene unkathiridwa m'chimgolo chija ngati madzi. Obweretsa ankalonjeza osabwera. Dokotala ankaima pa geji yoonetsa heliyamu wotsala m'mawa uliwonse ngati mayi wa mwana wodwala. Anati heliyamu akatheratu, maginito adzatulutsa chimtambo choyera n'kufa, ndipo mbewa zimene tazidikira kuti zikalambe zidzakhala zakalamba pachabe. Anafika mochedwa, koma anafika.

Kutchalitchi ndinkangoti ndimagwira ku labu. Tsiku lina mawu anandipulumuka n'kutchula mbewa, ndipo amayi anaseka mpaka kugwira m'mimba. "Amake Tiya, ndiye mukudya nokha ndiwo? Tibweretsereniko mpani umodzi, tatopa ndi nkhuku zosakoma za kuno!" Ndinaseka nawo. Nthawi imeneyo zinali zoseketsa.

Chaka chachisanu, masamba akuyoyoka

Mai Mwale anali mkulu wa gulu la amayi kutchalitchi kwathu. Ndi amene anagona nane pansi pabalaza bambo anu atamwalira, mpaka mtembo utakwera ndege. Amuna awo, Bambo Mwale, anayendetsa basi zaka zambiri kum'mawa kwa London, munthu wodziwa msewu uliwonse. Tsiku lina anaimitsa basi yodzaza anthu pamphambano n'kufunsa wokwera wina kuti akhotere kuti. Ntchito inathera pomwepo. Kenako anayamba kuika nsapato mufiriji, ndi kuvala yunifolomu n'kukhala pakhomo kudikira shifiti yomwe kunalibe.

M'nyumba yawo munkakhalanso mwana wawo Yamikani ndi mkazi wake Rudo, mtsikana wa ku Zimbabwe amene agogo ake anachoka ku Ntcheu kalekale kukagwira ntchito m'mafamu. Anali ndi mwana wakhanda, ndipo mapepala ake okhalira m'dziko muno ankadalira ukwatiwo. Ankagwira ntchito yosamalira okalamba ngati ine kale, ndiye ankakonda kudzakhala pafupi nane. "Anti, adadi akumakana kusamba, inu ku care home munkatani?" Ndinkamuuza kuti asamawakakamize, aziyamba ndi manja okha, madzi ofunda, akuimba. Anayesa ndipo zinatheka. Bambo Mwale anafika pokana chakudya cha aliyense kupatula cha m'manja mwa Rudo.

Lamlungu lina titaweruka Mai Mwale anandikokera kuseri kwa mipando yosanjikiza.

"Amake Tiya, makina anu aja, paja munati amaona m'mutu?"

"Mwa mbewa, amayi."

"Mutu ndi mutu. Tamverani. Bambo a Yami sakudwala, achita kuwapanga. Munthu woyendetsa basi zaka zonsezi aiwale njira ya ku toilet m'nyumba mwake? Zinayamba mtsikana uja atangolowa pakhomo. Ine ndikawapatsa phala amalavula, iye akawapatsa amayasamula ngati mwana wa mbalame. Mpongozi wanji wosaopa apongozi ake aamuna, kuwagwira mpaka kumutu?"

"Ndi ntchito yake, amayi, anazolowera."

"Anazolowera, eya. Ndalankhula pa foni ndi mneneri wina kumudzi, wati munthuyo timadya naye mbale imodzi. Ndaitana ankhoswe mwezi uno ukatha. Yami amamva zanga. Azipita kwawo, mwana atisiyire. Koma ndikufuna proof ya chizungu, anthu asamati Mai Mwale yawavuta ndi nsanje. Ndikupatseni tsitsi lawo mukaliike m'makinamo."

Ndinawauza kuti makinawo samva tsitsi, amafuna chinthu chamoyo, chopuma. Anati ndiye abwera nawo bambowo. Ndinati kabowo kake n'kongolowa mkono, ndipo ndinawapempha kuti apite nawo kwa GP, dokotala wa m'dera lawo, kuli kiliniki ya matenda oiwala. Anandiyang'ana ngati ndawamana madzi akumwa.

"Ine ndinagona pansi kwanu," anatero motsitsa mawu. 

Zinangochitika kuti mwezi womwewo tinali ndi tsiku la alendo. Bungwe lina lotithandiza linkabweretsa achibale a odwala matendawa kuti aone ntchito yathu. Ndinapempha Dokotala Irena kuti mayi wina wa kutchalitchi kwathu abwere nawo, ndipo anavomera. Ndinkaganiza kuti Mai Mwale akaona mbewa yokhala pakona ikuyang'ana khoma azindikira amuna awo, ndipo aona kuti palibe Rudo amene anaiphikira phala. Ndinkafuna maso awo awauze zimene pakamwa panga panalephera, ankhoswe asanabwere.

Tsiku la alendo

Anabwera atavala jasi lakuda ndi duku loyera la gulu la amayi. Lifiti itapitirira manambala anandigwira mkono. "Kumanda kuno?" Alendo onse anauzidwa kusiya chilichonse chachitsulo m'kabasiketi, ndipo Mai Mwale anaikamo foni, makiyi, ndolo ndi mphete. Ndinawafunsa m'Chichewa ngati pali china. Anati palibe.

Dokotala anatenga alendo ena aja, azungu okalamba ogwirana manja, kupita nawo ku makompyuta. Ine ndinali ndi mbewa yoti ilowe m'maginito, yaikazi, yakuda, yokalamba, ndipo mlendo ankaloledwa kuonerera ataima kunja kwa mzere wachikasu. Mai Mwale anatsala nane. Anaona ndikuigoneka, ndikuikoletsa mano, ndikuipaka mafuta m'maso.

"Yafa?"

"Yagona."

"Maso ali tong'o choncho?"

"Ndi mmene zimagonera. Sikumva kanthu. Idzuka tikamaliza."

"Ngati ndondocha," ananong'ona.

Ndinanyamula kabedi kulowa nako m'chipinda cha maginito, chitseko chili chotsegula kumbuyo kwanga. Ndili mkati mokankhira mbewa m'kabowo ndinamva munthu akupuma pafupi ndi phewa langa. Nditacheuka, Mai Mwale anali atadutsa mzere, akusuzumira. Ndiye ndinaona kolala ya bulauzi yawo ikudzuka yokha. Kanthu kakuda, kachikwama kosokedwa ndi ulusi, kakang'ono ngati bokosi la machesi, kanatuluka pachifuwa pawo n'kuyandama m'malere pa chingwe cha m'khosi. Kanaima chopingasa, kakunjenjemera, kataloza pakabowo pomwe munali mbewa. Chipinda chonse chinali chete, pampu yokha ikulira. Ngakhale ine wodziwa, thupi lonse linachita tsembwe.

"Yesu!" Mai Mwale anakweza manja m'mwamba osakakhudza. "Chadzuka! Chaloza!"

Ndinakafumbata ndi dzanja limodzi, kakukoka ngati kamoyo, linalo n'kuwakankha chafutambuyo mpaka kunja kwa mzere. Kachikwamako kanagwera pachifuwa pawo, zii. Ndinatseka chitseko, ndinapempha mnzanga wa pantchito kuti andiyang'anire kupuma kwa mbewa, n'kuwatengera m'kachipinda kosungira utuchi woyala m'makola.

"M'menemu muli chitsulo, amayi."

"Muli tsitsi la bambo a Yami. Mneneri anati ndilisokere pamodzi ndi singano, ndizivala, chidzaloza pomwe pali choipa."

"Singanoyo ndiyo yakokedwa. Maginito amakoka chitsulo chilichonse. Ngakhale supuni ya tiyi ikanatero."

"Ndachivala mwezi wonse m'nyumba muja, Rudo akudutsa uku ndi uku, osagwedezeka. Lero chadzuka."

Ndinayamba kufotokoza, ndipo sindinalankhulepo mawu ochuluka chotero moyo wanga wonse. Ndinawauza za chisa, za timapiri, kuti matendawa amayambira m'thupi ndipo amagwira mzungu, mmwenye, aliyense. Ndinati azungu aja ogwirana manja ali ndi odwala kunyumba ngati iwo. Ndinati mbewa ija ili ndi matenda ofanana ndi a bambo, ndipo palibe amene anailodza.

"Inawatenga kuti?"

"Inabadwa nawo."

"Amake anawatenga kuti?"

Ndinazengereza. Kunama sindidziwa. "Anthu anachita kuwaika m'mtundu mwake, kuti tiziphunzirirapo."

"Anthu ati?"

"Ophunzira zimenezi. A ntchito ngati yathuyi."

Anakhala pa thumba la utuchi pang'onopang'ono, maso ali pa ine. "Ndiye zimatheka," anatero. "Munthu atha kutenga kuiwala n'kukuika mwa wina."

"Si choncho, amayi. Zimachitika kanyama kasanabadwe n'komwe, si zodyetsa, si zoti munthu..."

"Khrisimasi ija, bambo a Yami asanayambe, munabwera kwathu ndi chigumu. Ine sindinadye chifukwa cha shuga. Anadya ndi iwo, mpaka kuwonjezera." Anaimirira n'kubisa kachikwama kaja m'bulauzi. "Ine kumalimbana ndi mwana wa eni, chonsecho munthu wake ndi amene ndinagona naye pansi."

Sanalole kuti ndiwaperekeze. Anatola zinthu zawo m'kabasiketi n'kulowa mu lifiti chafutambuyo, osandifulatira.

Mbewa ija inatuluka bwino. Ndinaiika m'bokosi lofunda, ndevu zake zinayamba kugwedera, kenako inadzuka n'kumayenda chodzandira. Ndinauza Dokotala za singano, chifukwa ikanaduka chingwe ikanatha kuvulaza munthu. Anakalipa ndithu, ndipo kuyambira tsiku limenelo alendo ankaonerera kuseri kwa galasi. Atamaliza kukalipa anandifunsa kuti ndikulira chiyani, popeza palibe amene wavulala. Ndinayesa kuganiza mmene ndingayambire m'Chingerezi. Ndinangoti ndi mutu.

Lamlungu lotsatira

Pa benchi limene ndinkakhala panali mpata mbali zonse ziwiri. Mpunga umene ndinabweretsa wa chakudya cha pamodzi sunavundukulidwe. Inu munali ku Sande sukulu, koma Dalitso unandifunsa chifukwa chimene anzako anaitanidwira msanga ndi amayi awo. Titaweruka abusa anandiitanira mu ofesi. Anali munthu wabwino, wotopa, wogwira ntchito ya ulonda mkati mwa mlungu.

"Mayi, ndamva zonse, ndipo ine sindikhulupirira zimenezo. Tiitane msonkhano wa mpingo. Mudzafotokoze za maginito, tibweretse ngakhale kamaginito komata pa firiji ndi singano, anthu aone okha. Ndipo mudzanene za chithumwacho. Mkulu wa amayi kuvala chithumwa! Wa mlandu ndi ameneyo, osati inu."

Ndinafunsa za ankhoswe aja.

"Mai Mwale awauza kuti asabwerenso. Akuti anamulakwira Rudo. Dzulo amugulira mpaka nsalu."

"Nanga ine ndikayera pamsonkhanopo, abusa, adzayang'ana ndani?"

Abusa anavula magalasi n'kuyamba kuwapukuta. 

Musaganize kuti sindinaganize za inu. Tchalitchi chimenecho ndicho chinali mudzi wathu. Kumeneko n'kumene munkamva Chichewa kwa anthu ena osati ine ndekha, ndipo ndikanafa, amenewo ndiwo akanasonkhana kunditumiza kwathu. Koma ine ndinali ndi ntchito, mapepala anga anali angaanga, ndi chitseko changa chotseka ndekha. Mai Mwale sakanatha kundichotsa m'nyumba kapena kundilanda mwana. Iwo ankafunika munthu woti amuloze, chifukwa kuvomera kuti amuna awo akungotha okha, popanda wochititsa, kunawalemera kuposa mmene akanasenzera. Ndikanayera ine m'maso mwawo, wotsala woti amuloze anali Rudo yekha, wogona chipinda choyandikana nawo.

"Msonkhano usachitike," ndinatero. "Ine sindine mfiti. Mai Mwale ndinawauza, ndipo ndakuuzani inu, sindinenanso kwa wina. Za chithumwa zithere muno. Koma ndikupempha chinthu chimodzi. Muwapangire appointment Bambo Mwale, muwatenge pa galimoto yanu. Inu sangakukanireni."

"Anthu aziti mwavomera."

"Aziti."

"Nanga ana anu?"

 Ndinangokatenga poto wanga, n'kudzakutengani inu. Mpungawo tinadya mlungu wonse, ndipo Tiyamike unadandaula.

Abusa anachita zimene ndinapempha. Ndinamva kuti kuchipatala anawayeza Bambo Mwale m'maginito aakulu olowa munthu, n'kutchula dzina la matendawo, lomwelo limene linkalembedwa pa makola a mbewa zanga. Mai Mwale anati azungu ali ndi dzina la chilichonse. Ife tinayamba kupita kutchalitchi cha pafupi, cha Chingerezi, ndipo Chichewa chanu chinaima pomwepo. Zimenezo munazitaya inu osafunsidwa, ndikudziwa. Mafoni anasiya kulira. Ndinkati ndikakumana ndi wa kwathu pamsika, moni unkakhala wachangu, manja ali m'thumba. Pansi paja ndi pamene ndinkapumira, pakati pa tinyama tosadziwa zimene anthu ankanena za ine.

Zaka zingapo pambuyo pake

Ndinagwirabe ntchitoyo mpaka maso anayamba kulephera kuona timano ta mbewa. Dokotala Irena anapuma ine ndisanapume, ndipo a yunivesite anabweretsa maginito atsopano osakoka patali. Mankhwala ochiza matendawa ine sindinawaone, ngakhale timapiri tija tinkatiuza kanthu chaka ndi chaka.

Loweruka lina m'nyengo yotentha ndinapita ku Barking kukagula usipa ndi ufa pa shopu ina. Pobwerera, ndili pa pulatifomu kudikira sitima, lifiti inatseguka ndipo munatuluka njinga ya odwala. Bambo Mwale anali atatha, mutu utapendekera paphewa. Rudo ndiye ankakankha, ali ndi pakati pena, kamtsikana kosinkhuka katagwira siketi yake. Kumbuyo kunali Mai Mwale atanyamula chikwama cha matewera ndi botolo la madzi. Rudo anaima, anatulutsa kansalu n'kupukuta apongozi ake pakamwa. Mai Mwale anamukonzera duku limene linkaterereka.

"Khala pansi mwana wanga, miyendo yatupa iyo," ndinawamva akutero.

"Ndili bwino, mama, sitima yayandikira."

Rudo ndiye anayamba kundiona, ndipo anandizindikira. Nkhope yake inauma. Anakokera kamtsikana kaja kumbuyo kwake, n'kutembenuza njinga kuti bambowo asayang'anizane nane. Ananong'oneza apongozi ake, ndipo onse awiri anayamba kupemphera chapansipansi, mapewa atagundana.

Sitima inafika, zitseko zinatseguka patsogolo pawo ndi panga pomwe. Ndinabwerera m'mbuyo n'kukhala pa benchi, usipa wanga uli pamwendo. Ndinaona Rudo akupendeketsa njinga, Mai Mwale akunyamula kutsogolo, kamtsikana kakudumphira m'kati. Zitseko zinatsekeka onse ali mbali imodzi. Ine ndinadikira yotsatira.